Pegi ya pa Masamba Omaliza

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, katundu wake yense anakwana m'katoni imodzi: mabuku angapo othothoka zikuto, botolo la madzi, ndi juzi imene ankafunditsa miyendo chifukwa mu ofesimo munkazizira. Anatsika masitepe yekha. Palibe amene anamunyoza, komanso palibe amene anadzutsa mutu. Inu amene munachokapo pamalo mutakumbatira katoni, mukudziwa kuti kukhala chete kwa anzako kumabaya kuposa mawu.

Bambo ake ankamutcha Kaulula. Nafenso timutchula choncho, ndipo kumene dzinali linachokera tifikako.

Kaulula anali mlembi wa nkhani za ofufuza milandu, zija zoti mkanda wamtengo wapatali wasowa m'nyumba yokhoma, ndiye tekitivi amafunsa uyu ndi uyo mpaka kugwira wolakwa. Buku lake limodzi linasindikizidwapo, koma linagona pashelefu mpaka chikuto chinafwifwa ndi dzuwa. Choncho pamene kampani ina yaing'ono yopanga magemu a pakompyuta inamuitana kuti adzalembe nkhani ya gemu yofufuza mlandu, anagwada pansi n'kuthokoza Mulungu. Anati basi, kwacha.

Anaikapo mtima wake wonse. Anaumba tekitivi wa chipewa chopindika, wanzeru zoopsa, woti akangoona chidendene cha nsapato amadziwa kale kumene mwini wake anagona.

Tsiku loyesa gemu linafika. Kukampaniko kunali chipinda chogawidwa pakati ndi galasi. Mbali ina kunkakhala munthu woitanidwa kudzasewera. Mbali inayo, mumdima, kunkakhala opanga gemu, kumuonerera iye osawaona. Patebulo lawo panali batani lofiira: ukalidina, mawu ako ankamveka kwa wosewerayo.

Woyamba kuyesa anali dalaivala wa basi, bambo wathupi, wokonda magemu pa masiku ake opuma. Anapukuta manja pathalauza n'kuyamba. Anapeza kiyi pansi pa kapeti. Asanakande n'komwe mutu, tekitivi uja anatsegula pakamwa pasikirini: "Kiyi ameneyu ndi wa chitseko chakumbuyo, kutanthauza kuti wakubayo ndi wa m'nyumba momwemo." Dalaivala anapeza kapu yosweka. Tekitivi anafotokoza. Anapeza matope pazenera. Tekitivi anafotokozanso, ulendo uno motalika.

Dalaivala anaika kachipangizo kosewerera pamwendo, n'kutulutsa bisiketi m'thumba, n'kuyamba kudya. Kenako anatembenukira kugalasi.

"Inu muli kuseriko," anatero, "ngati abwana achipewawa akudziwa kale zonse, ine mwandiitanira chiyani? Kudzawanyamulira chikwama?"

Mumdima muja wina analephera kupirira, anaphulika nacho chiseko, ena n'kutsatira. Kuyambira tsiku limenelo tekitivi wa Kaulula anapatsidwa dzina loti Bambo Longolola. Onse amene anabwera pambuyo pa dalaivala anachita chimodzimodzi: kuyasamula, kuyang'ana foni, kufunsa kumene kuli chimbudzi.

Abwana a kampaniyo sanali munthu wankhanza. Anamuitanira mu ofesi, n'kumukokera mpando. "Chemwali, kulemba mumalemba, palibe angatsutse. Koma mwatilembera buku n'kungosokererapo mabatani. Ife tikufuna gemu."

Umo ndi mmene anapezekera pamasitepe ndi katoni ija.

Kwawo kunali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Ankakhala ndi bambo ake okha, poti mayi ake anatsogola kalekale. Bambowo anali telala wodziwika pa masuti, mpaka pamene matenda opha ziwalo a sitiroko anawalanda dzanja lamanja ndi theka la lilime. Makina awo osokera anali pakona ataphimbidwa ndi nsalu. Tsiku lonse ankakhala pampando wa pazenera, kuyang'ana madenga a anthu ena.

Kaulula ankawakonda bambo ake, koma chikondi chake chinali chothamanga. Akayamba kulimbana ndi batani la malaya, iye anali atamanga kale onse. Akati, "Ma... ma...," iye ankati, "Madzi? Nawa, ababa." Akati, "Ze...," iye anali atatseka kale zenera. M'nyumbamo munalibe mawu amene bambowo ankawamaliza okha. Pang'ono ndi pang'ono anasiya n'kuyamba komwe. Munangoti zii, anthu awiri ndi kulira kwa wotchi.

Madzulo a tsiku lija anakankhira katoni kunsi kwa bedi osanena kanthu. Bambo ake anayang'ana katoniyo, anayang'ana mwana wawo, kenako anabwezera maso kuzenera.

Mchimwene wake, amene anali ndi sitolo mumzinda wina wakutali, anaimba foni atamva.

"Mlongo wanga, zolembalembazi zakukana. Usakakamire mtunda wopanda madzi. Bwera udzakhale pakauntala pano. Ababa tiwapezera malo kunyumba yosamalira okalamba. Kuno ndi ana onsewa, iwe wekha ungakwane, koma awiri ayi."

"Achimwene, kumeneko ababa adzayankhula ndi ndani?"

"Nanga panopa akuyankhula ndi ndani?"

Funsolo linamulowa ngati singano. "Ndipatseni nthawi," anatero.

"Mpaka nyengo yozizira ithe. Ikatha usanapeze pogwira, ndikubwera ndi galimoto."

Mchimwene wakeyo sanali woipa mtima. Ankangonena zimene zinalipo.

Kaulula anapeza ganyu pamalo ochapa ndi kusita zovala, kumapeto kwa msewu wawo. Mwini malowo, amene aliyense ankawatcha Amayi a Nsimbi, sanamufunse kumene wachokera kapena pamene sukulu analekezera. Anangomuyang'ana m'maso, n'kumupatsa tebulo la pafupi ndi khomo, pamene pankadutsa kamphepo. Masana akakwana ankamuuza kuti, "Thamanga ukawadyetse akuluwo. Malaya sathawa."

Kusita ndi ntchito ya munthu mmodzi. Umakhala pakati pa zovala za anthu ambirimbiri, manja a malaya ali lendelende mbali zonse, koma palibe dzanja lokugwira paphewa. M'matumba ankapezamo matikiti a basi, maswiti osungunuka, zisa zothyoka mano. Nthawi zina pankabwera jekete latsopano lomwe matumba ake anali akadali otseka ndi ulusi woyera wa kwa telala, mwini wake asanaudule. Akaona ulusiwo ankakumbuka zala za bambo ake, poti nawonso ankatseka matumba choncho kuti jekete lisalendewere lisanavalidwe. Ankapitiriza kusita.

Ankapemphera uku akugwira ntchito, mapemphero aafupi ngati mpweya wa nsimbi. Masiku ena pemphero lonse linali lakuti, "Ambuye, ndili pano."

Loweruka lina pakhomo pa malowo panaima bambo wina wa imvi. Anali katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wa kukampani kuja, munthu wosayankhulayankhula. Ankamutcha Mawaya chifukwa nthawi zambiri ankaoneka miyendo yokha, thupi lonse lili pansi pa tebulo. M'manja anali ndi kapu ya tiyi.

"Munaiwala iyi, chemwali. Ndaitsuka."

Anayang'ana nsapato zake.

"Tsiku lija ine sindinaseke. Ayi, ndinaseka pang'ono. Pepani. Mukadzalembanso kanthu, mawaya ndili nawo."

Kaulula anathokoza. Kapuyo anakaiika kumbuyo kwenikweni kwa kabati, ndipo mumtima anati za kulemba zinatha.

Tsopano za dzina lija. Bambo ake ndiwo anamuphunzitsa kukonda mabuku a ofufuza milandu. Ankagula akale pamsika, ndipo anali ndi lamulo lawo. Buku likangolowa m'nyumba, ankatenga pegi yoyanikira zovala n'kupana masamba omaliza, aja amene tekitivi amasonkhanitsa anthu onse n'kuloza wolakwa. Pegiyo sinkachoka mpaka iwo atatchula okha munthuyo ndi chifukwa chake. Ankatha masiku akupalasa makina uku akung'ung'udza: "Ndi mkazi wamasiye uja... ayi, nanga ambulera ija inanyowa bwanji?"

Mwana wawo ali wamng'ono, mtima sunkamulola kudikira. Ankachotsa pegi mobisa, n'kuwerenga, n'kuthamangira kumakina: "Ababa, ndi dokotala!" Bambowo ankagwira mutu ndi manja awiri. "Iwe Kaulula iwe! Wandidyera nyama n'kundisiyira mbale zotsuka!"

Chiyambire matenda, m'nyumbamo simunawerengedwenso buku. Koma Lamulungu lina masana, bambowo anatambasula dzanja lamanzere n'kuloza kunsi kwa bedi. Analoza osaleka. Kaulula anakoka katoni ija akuganiza kuti amufunsa za ntchito. Iwo anangosolola buku limodzi n'kumupatsa. Kenako analoza chingwe cha zovala pakhonde.

Anakatenga pegi, n'kupana masamba omaliza, n'kuyamba kuwawerengera. Tsiku lililonse akaweruka ankakhala pampando waufupi pafupi ndi mawondo awo, kuwerenga mpaka dzuwa kuchoka pazenera.

Tsiku limene anafika papegi anali atatopa, mapazi atatupa ndi kuimirira. Anati angomaliza zithe. Atangogwira pegi, dzanja lamanzere lija linamugwira pamkono. Sankadziwa kuti linali ndi mphamvu chotero.

"Ndi... ndi..."

"Ndipitirize, ababa?"

Anapukusa mutu.

"Ndikupatseni madzi? Ndikugonekeni?"

Anamenya dzanja la mpando, phaa! Kaulula anali asanawaonepo atakwiya chonchi chidwalire. Mantha anamutseka pakamwa. Kwa nthawi yoyamba anakhala duu. Wotchi inalira. Pansi, musitolo ya zitsulo, wina ankakoka unyolo. Thukuta linatuluka pamphumi pa bambo ake, mitsempha ya m'khosi itaima, milomo ikunjenjemera ngati ikunyamula mwala.

"Ndi... ne... ne... nde... kha."

Ndinene ndekha. Mawu awiri athunthu, oyamba m'nyumbamo kwa nthawi yaitali.

Kaulula anachotsa dzanja papegi. Anavundukula makina osokera, n'kutenga tizinthu ta m'kabokosi kake, n'kutiyala pathireyi kuti tiimire anthu oganiziridwa a m'buku lija. "Ababa, bobini wa ulusiyu ndi wophika. Sizasi ndi mlamu wake wa malemu. Choko ndi mphunzitsi. Batani lalikululi ndi mkazi wawo. Mukamudziwa, mumukankhire kuno."

Zinatenga masiku. Akachoka kuntchito ankapeza tizinthuto tasuntha: lero choko chili patsogolo, mawa chabwerera m'mbuyo. Bambowo ankagogoda buku ndi chala kuti awawerengerenso malo ena. Kaulula ankadziwa kale wolakwa, ndipo dzinalo linkamuyabwa pa lilime. Kuti asaloze, anayamba kukhalira manja ake, kuwapana pansi pa ntchafu ngati mwana wa sukulu wolangidwa.

Potsiriza bambowo anakankha sizasi. Kaulula anachotsa pegi n'kuwerenga. Wolakwa anali wophika. Anaopa kudzutsa maso. Anabwerera ku masamba oyambirira, n'kuwawerengera pamene wophikayo ananena kanthu kakang'ono kamene sakanakadziwa akanakhala wosalakwa. Kanalipo pamenepo chiyambire, poyera.

Panamveka phokoso lachilendo. Anadzidzimuka poganiza kuti atsamwa. Koma ayi, ankaseka. Kuseka kopendekera mbali imodzi, misozi ikutsika, phewa likugwedezeka.

"Wa... ndi... pu... sitsa... bwi... no."

Kaulula anatuluka n'kukakhala pamasitepe, ndipo analira. Anaona chimene chinamubisikira nthawi yonseyi. Bambo Longolola sanali pasikirini pokha. Ankakhala m'nyumba momwemo, ankamanga mabatani a malaya, ankatseka mazenera, ankamalizira anthu mawu. Bambo ake anakondwa kwambiri kulakwitsa okha kusiyana ndi kuuzidwa yankho loona. Dalaivala wa basi uja ankapempha chomwecho.

Kuyambira pamenepo anayamba kuwerenganso mabuku akale aja, koma mwa njira ina, monga mmene wophunzira utelala amasulira suti ya katswiri kuti aone mmene misoko inayendera. Anaona kuti mlembi wabwino sabisa kanthu m'thumba mwake. Amaika chizindikiro poyera, msanga, pakati pa zinthu wamba, kuti maso achidutse okha. Akakusocheretsa sakunamiza: munthu amene ukumukayikira amakhala ndi chinsinsi chake ndithu, kungoti si cha mlanduwo. Ndipo tekitivi wa m'buku, ngakhale akhale wanzeru chotani, amasunga pakamwa mpaka kumapeto, kuti wowerenga athamange naye mpikisano. Iye anatengera ku mabukuwo chipewa ndi kulongolola, n'kusiya mpikisanowo. M'gemu, chipewa n'cha wosewera.

Anatulutsa kapu ija kumbuyo kwa kabati, anamweramo tiyi, n'kuimba foni.

"A Mawaya, mawaya aja akadalipo?"

"Sanathe, chemwali."

Anagwirizana zopanga kagemu kakang'ono: chipinda chimodzi, mlandu umodzi, popanda tekitivi. Chipindacho chinali malo osita zovala. Bambo wina wabwera akukalipa kuti anaiwala mphete yake yaukwati m'thumba la jekete lake latsopano, ndipo jekete labwerako mphete mulibe. Oganiziridwa ndi mtsikana wosita, mayi wa pakauntala, ndi bambo wonyamula zovala panjinga. Pakona ya sikirini Kaulula anapempha kuti pajambulidwe pegi. Mathero sangatseguke mpaka wosewera atatchula munthu n'kuloza umboni wake.

Mawaya anamubwereka tabuleti yakale, ija yonga foni yaikulu, ndipo oyesa oyamba anali Amayi a Nsimbi ndi anzake osita, pa nthawi yopuma.

Ulendo woyamba palibe anapeza kanthu. "Mwana iwe," anatero Amayi a Nsimbi, "ukufuna tichite kuombeza?"

Anakakonza. Ulendo wachiwiri anamugwira wolakwa tiyi asanazizire. "Aaa, uyu ngakhale mphaka wanga akanamugwira."

Anakakonzanso. Anachotsa mawu, anabwezera mawu, anasuntha jekete kuchoka patebulo kupita pa hang'ala. Masiku ena ankabwerera kunyumba ataweramitsa mutu, akuti mwina achimwene ananena zoona. Akalowa ankapeza bambo ake akulimbana ndi batani la malaya. Ankakhala pansi, kukhalira manja, kudikira. Batani likalowa, bambowo ankamuyang'ana monyadira, ndipo iye ankapeza mphamvu ya tsiku lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphepo yozizira inayamba kufooka. Anthu anasiya kubweretsa majuzi. Mchimwene wake anatumiza uthenga waufupi: "Galimoto ndaikitsa matayala atsopano."

Kaulula anakwera masitepe a kampani ija kukapempha kuti ayese kagemu kake. Anamuuza kuti abwana atanganidwa. Anabweranso, anamuuza kuti achokapo. Anabweranso, n'kukhala pabenchi la pakhomo manja ali pamiyendo, mpaka abwanawo anatopa kumulambalala.

"Chemwali, simutopa? Chabwino. Tsiku limodzi, chipinda cha galasi. Koma akayasamula, tisadzavutanenso."

"Zikomo, abwana. Ndili ndi pempho limodzi. Muitane dalaivala wa basi yemwe uja."

Mawaya anatsokomola. "Chemwali, mukudziputira nokha njuchi."

"Ndi amene anandiuza zoona."

Dalaivala anafika atanyamula paketi yathunthu ya mabisiketi. Anaiika patebulo, n'kugogoda galasi. "Abwana achipewa aja alipo? Lero ndabwera ndi kamba wa paulendo."

Gemu inayamba. Panalibe womulandira ndi mawu. Panali chipinda chokha, nthunzi, zovala, ndi bambo wa jekete akukalipa. Dalaivala anadikira kuti wina afotokoze. Palibe anafotokoza. Anakhala tsonga.

Anafunsa mayi wa pakauntala. Anafunsa wanjinga chifukwa chimene anachedwera, n'kupeza kuti tayala linaphulika. Anatembenuza jekete kutsogolo ndi kumbuyo, maso ake n'kudutsa pathumba osaima. Kenako anaona kuti mtsikana wosita wavala nsapato zatsopano, ndipo akafunsidwa za nsapatozo amagwetsa nkhope. Anazungulira pamenepo, kubwerera, kuzunguliranso. Kenako anangokhala, akuyang'ana sikirini, dzanja lili pachibwano.

Nthawi inayenda. Mumdima muja anthu anayamba kusuntha pamipando.

"Wasochera," ananong'ona abwana. "Dinani batani mumuthandize asanayasamule. Kamawu kamodzi kokha."

Chala cha Kaulula chinapita chokha pabatani lofiira. Kamawu kamodzi: thumba. Akanangonena, munthuyo akanamaliza, abwana akanagwedeza mutu, mwina galimoto ya achimwene sikanabwera. Dzanja lake linalo linali m'thumba la siketi, litafumbata pegi ya bambo ake mpaka kuwawa. Anamva ngati dzanja lamanzere lija lamugwiranso pamkono.

"Ambuye, ndigwireni pakamwa," anapemphera chamumtima.

Anachotsa chala, n'kukhalira manja onse awiri.

"Ayi, abwana. Musiyeni anene yekha."

Dalaivala anapumira m'mwamba, n'kuloza mtsikana wosita. Pegi ya pakona sinatseguke. Mtsikana wa pasikirini anavula nsapato imodzi n'kuonetsa kunsi kwake, pamene panalembedwa dzina la mkulu wake: zinali zobwereka, ndipo ankachita manyazi kunena. Abwana anatseka maso. Mawaya anayang'ana pansi pa tebulo ngati akufuna kulowamo.

"Eee," anatero dalaivala chapansipansi, "ndamunamizira mwana wa eni ake."

Sanaike kachipangizo pamwendo. Anakokera mpando pafupi. Anayambanso kuchokera pakhomo, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza chinthu chimene wataya yekha. Anafika pajekete. Analitembenuza. Ulendo uno anayesa kupisa dzanja m'thumba. Dzanja silinalowe. Anayandikitsa chithunzi: timisoko ta ulusi woyera, tosadulidwa.

Anaimirira mpando n'kugwa chagada.

"Thumbali ndi losoka! Chigulire silinatsegulidwepo! Ndiye mphete inalowamo bwanji? Wabodza ndi mwini jekete! Anaitaya kwina ameneyu, akuopa akazi ake!"

Analoza mwini jekete ndi thumba lija, ndipo pakona ya sikirini pegi inatseguka.

Dalaivala anamenya galasi ndi chikhatho. "Inu kuseriko! Mwaona? Ndamugwira ndekha! Pali ina? Basi yanga inyamuka mawa, nthawi ndili nayo!"

Paketi ya mabisiketi inali patebulo, yosatsegula.

 Abwana anaimirira, anakonza tayi, n'kunena osamuyang'ana: "Chemwali, Lolemba mubwere ndi juzi yanu ija. Muno mukuzizirabe."

Atafika kunyumba dzuwa linali likadali pazenera. Sananene za ntchito. Anaika tabuleti pamiyendo ya bambo ake, n'kuwaonetsa poyendetsa ndi chala cha dzanja lamanzere. Anali asanawaonetsepo gemuyo, poopa maso awo kuposa a wina aliyense.

Bambowo anamvetsera madandaulo a mwini mphete. Sanapite kwa wosita, sanapite kwa wanjinga. Analunjika pajekete, monga telala aliyense angachitire. Analitembenuza kamodzi, ndipo maso awo anawala. Anadziwa nthawi yomweyo. Chotsala chinali kunena.

Kaulula anakhala pampando waufupi uja, manja pansi pa ntchafu. Milomo ya bambo ake inayamba ulendo wake wautali. Wotchi inalira. Kunja wina anadutsa akuimba mluzu. Iye anadikira.

"Thu... mba... ili... si... lina... du... lidwe. Mwi... ni... wake... a... ku... nama."

Analoza mwini jekete pasikirini, pegi n'kutseguka. Bambowo anatembenuka n'kuyang'ana manja a mwana wawo pamene anawabisa. Anaseka kuseka kwawo kopendekera.

"Ka... u... lula... wa... kula."

Foni inalira. Anali mchimwene wake.

"Mlongo, nyengo ija yatha. Ndinyamuke?"

"Nyamukani, achimwene, matayala atsopanowo angaonongeke ndi kukhala. Mudzatione. Koma wosamuka kuno palibe. Lolemba ndikubwerera kuntchito."

 "Nanga ababa ali bwanji?"

"Afunseni nokha. Koma mudikire. Musawamalizire mawu."

Anaika foni pakhutu la bambo ake, n'kuigwirizira pamenepo mpaka mkono unachita dzanzi. Sanasinthe dzanja.

Lero Kaulula amalemba milandu imene anthu amasewera m'maiko amene iye sanapondeko. Pa gemu iliyonse, pakona, pamakhala kapegi, ndipo osewera ambiri sadziwa kumene kanachokera. Loweruka amadutsabe kwa Amayi a Nsimbi ndi tabuleti, kukamva ngati mphaka wawo angamugwire wolakwa.

Inu amene katoni yanu ili kunsi kwa bedi, amene mukusita zovala za eni ake mtima uli kwina, mverani. Mwina amene anakusekani ananena zoona, ndipo zoonazo zikuwawa. Zitoleni, ndi zanu. Yang'ananinso m'nyumba mwanu momwemo, poti chimene chinakugwetsani kuntchito mwina chimadya nanu patebulo limodzi. Ndipo musaiwale kuthokoza amene anakutsukirani kapu, amene anakupatsani tebulo la pamphepo. Mulungu amayenda ndi anthu oterowo.

Masamba omaliza a moyo wanu akadali opanidwa, ndipo amene anaikapo pegi sanaichotse. Musatseke buku pakati n'kunena kuti mwadziwa mathero. Ngati mwalakwitsa, bwererani pakhomo, yambaninso, yang'anani bwino. Limbani, m'bale wanga, mlongo wanga. Mtima wokhawo musautaye.